Mafunso ndi mayankho: roller coaster zakale zimamveka bwanji m'thupi?

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ku Matawale, ndinaonetsa achinyamata kavidiyo ka roller coaster, sitima yosangalatsa anthu, ya matabwa, imene ndinakwera ku Blackpool ndili ku maphunziro ku England. Chiyambire tsikulo mafunso sakutha. Ena amandiimitsa mumsika, ena amatumiza uthenga usiku, makamaka amene akukonzekera ulendo wa ku Joni kukaona abale pa Khirisimasi. Kuno ku Zomba roller coaster tilibe. Ambiri timangoionera pa foni, ndipo foni singakuuzeni zimene msana, m'mimba ndi makutu zimamva. Mafunsowa ndawalemba monga mmene anandifunsira eni ake. Ndinenetu poyamba kuti mtima wanga uli pa zakale, zogwedeza zija, ndipo muziona zimenezo m'mayankho anga.

Achimwene, kodi chinthuchi chili ndi injini? Chimayenda bwanji popanda dalaivala?

Zambiri zilibe injini m'sitimamo. Ndi timabogi tolumikizana toyenda panjanji yokwera ndi kutsika. Injini ili pansi, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha: kuzunguza tcheni chimene chimakokera sitima pamwamba pa chitunda choyamba. Tcheni chikangoisiya, chotsala ndi kulemera kwa sitimayo ndi anthu ake.

Amene anatsikapo pa njinga kuchokera Ku Chawe akudziwa kale zimenezi. Popita umakankha njinga, thukuta lili kamukamu. Pobwera supalasa ngakhale kamodzi, phiri limakubwezera mphamvu yonse imene unalipatsa m'mawa. Liwiro limene wapeza pamtsetse limakukweza kamtunda kotsatira. Koma mphepo ndi kukhulana kwa mawilo zimadya liwirolo pang'onopang'ono, n'chifukwa chake chitunda choyamba chimakhala chachitali kuposa zinzake, ndipo zotsatira zimanka nizichepa mpaka sitima itafika pa mabuleki.

Mukamati "zakale", mukutanthauza zaka zingati?

Masewerawa ndi akale kuposa tauni yathuyi. M'zaka za m'ma 1600 anthu a ku Russia ankamanga zitunda za matabwa, n'kuthirapo madzi kuti aundane m'nyengo yozizira, kenako n'kumatsetserekapo. Mpaka lero Afalansa amatchula roller coaster kuti mapiri a ku Russia. Ku Pennsylvania, ku America, njanji ya Mauch Chunk imene inamangidwa mu 1827 kuti izitsitsa malasha kuchokera kuphiri inadzayamba kunyamula anthu ongofuna kumva kukoma kwa mtsetse. Mu 1884 LaMarcus Thompson anatsegula Switchback Railway ku Coney Island, mu New York. Inkayenda pafupifupi makilomita 10 pa ola, liwiro limene wakabaza wa pa Mpondabwino amalipitirira atanyamula munthu. Nthawi imeneyo nyumba ya Masongola, ya mu 1886, inali isanamangidwe.

Zina za m'badwo wotsatira zilipobe. Leap-The-Dips ya ku Altoona, ku America, ndi ya mu 1902. Great Scenic Railway ya ku Luna Park, Melbourne, ndi ya mu 1912. Rutschebanen ya ku Tivoli, mu Copenhagen, inayamba kuyenda mu 1914, kutatsala chaka chimodzi kuti John Chilembwe aukire atsamunda. Big Dipper ya ku Blackpool ndi ya mu 1923, Cyclone ya ku Coney Island ya mu 1927. Zonsezi ndi za matabwa.

Pali gulu lachiwiri limene nalonso ndimalitcha lakale: zachitsulo zoyambirira. Njanji ya mapaipi achitsulo inayamba ndi Matterhorn Bobsleds ya ku Disneyland mu 1959, ndipo zambiri zotembenuza anthu chadodolido zinamangidwa m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Magulu awiriwa amamveka mosiyana kwambiri m'thupi.

Ndiye ya matabwayo imamveka bwanji? Tiuzeni zenizeni.

Imayamba ndi fungo. Musanakhale n'komwe mumamva girisi, matabwa onyowa, ndipo ku Blackpool mumamvanso mphepo ya mchere yochokera kunyanja. Mpando wa Big Dipper si wa pulasitiki woumbidwa motsatira thupi ngati wa zatsopano. Ndi benchi ya khushoni ya anthu awiri, yonga sofa yakale ya pabalaza, ndi chitsulo chotsekera pantchafu. Pamatsala mpata, ndipo mpata umenewu ndiwo mwini nkhani, chifukwa thupi limaloledwa kuyenda palokha.

Sitima ikagwera pamtsetse woyamba, phokoso limachokera pansi, lolemera, ngati lole ya mchenga ikuwoloka mlatho wa matabwa. Mumalimva m'mapazi lisanafike m'makutu. Pansi pa chigwa thupi limalemera, mutu umafuna kulowa m'mapewa. Kenako pamwamba pa kachitunda kotsatira sitima imayamba kutsika thupi likadali kukwera. Mumanyamuka pampando, m'mimba mumachita kuti zii, ntchafu n'kukagunda chitsulo chija. Kwa sekondi imodzi simulemera kanthu. Amene anakulira pa katungwe wa chingwe pamtengo wa mango akukumbukira kamphindi kaja kapamwamba penipeni, chingwe chikakhwefuka. Ndi komweko, koma kamabwera kangapo motsatizana, musanapume.

Pokhota, sitima yakale sipendekeka kwambiri, choncho imakuponyerani kwa mnzanu. Phewa pa phewa, kenako iye kwa inu. Anthu amene anakwera asakudziwana amatsika akuseka ngati a pabanja limodzi. Mukakhala pansi n'kuyang'ana mizati sitima ikamadutsa, mumaona ikupindika pang'ono n'kubwerera.

Mnyamata wina atamva izi anati, "Ndiye kuti ndi matola basi, a kumsewu wa ku Kachulu mvula itangotha." Sanalakwitse kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti mabampu a mumsewu amabwera mwachisawawa, pamene a sitimayi ali ndi kayendedwe kake ngati ng'oma. Ulendo woyamba umakudzidzimutsa. Wachitatu thupi limakhala litadziwa pamene linyamuke ndi pamene litsamire, ndipo m'pamene kukoma kwake kumayambira. Munthu amene wakwera kamodzi n'kunena kuti n'zopweteka chabe ndimamumvetsa, koma ndimamupempha abwerezenso.

Kugwedeza kumeneko si chizindikiro chakuti yatha?

Kawirikawiri ayi. Njanji ya matabwa imapangidwa posanjikiza matabwa angapo, n'kuwakhomerera pamodzi, pamwamba pake n'kuikapo chitsulo chopyapyala choti mawilo aziyendapo. Akalipentala amapinda matabwawo pamalo pomwepo, ndi manja ndi maso awo. Mtengo umafufuma mvula ikagwa, umanyala dzuwa likawomba. Pakati pa mawilo a m'mbali ndi njanji amasiya kampata kuti sitima isakakamire pokhota, ndiye bogi imayenda ikugunda uku ndi uku. Mawilo ake ndi achitsulo, pamene a zatsopano amakutidwa ndi pulasitiki yolimba imene imameza kunjenjemera. Mabogi akale ndi aatali, a mabenchi atatu kapena anayi, ndipo sapindika pakati, choncho pokhota amachita kukwekwereza. Onjezani kuti amisiri a nthawi imeneyo ankawerengera zonse pa pepala, popanda kompyuta.

Komabe kugwedeza kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina n'kobadwa nako, kumene ndafotokozaku, ndipo kumamveka ngati kuvina. Kwina kumabwera njanji ikaphwanyika pansi pa chigwa, pamene sitima imalemera kwambiri. Pamenepo pamakhala kugunda kouma, kamodzi, kolowa mumsana ngati galimoto yagwera mu dzenje la pa tala. Malo osamala amasintha matabwa a pamenepo m'miyezi imene paki yatsekedwa, ndipo chaka chotsatira sitima yomweyo imayenda myaa.

Nanga phokoso lija la kwa-kwa-kwa pokwera?

Limenelo ndi phokoso labwino. Pansi pa bogi pali kachitsulo kolendewera kamene kamadumpha pa mano achitsulo oikidwa m'mbali mwa tcheni. Tcheni chitaduka kapena magetsi atazima, kachitsuloko kamakola pa dzino, sitima n'kuima pomwepo osabwerera m'mbuyo. Zili ngati mwala umene kondakitala amaika kumbuyo kwa teyala pa mtunda, koma uwu umadziika wokha pa sitepe iliyonse.

Ankolo, singadumphe panjanji?

Bogi imagwira njanji mbali zitatu. Mawilo ena amayenda pamwamba, ena m'mbali, ena pansi pa njanji. A pansiwo ndiwo amaletsa sitima kunyamuka. Anawabweretsa John A. Miller, mmisiri wa ku America amene analembetsa luso limeneli mu 1919, ndipo ndi iwo amene anatsegula njira ya mitsetse yoopsa ya m'ma 1920. Cyclone imakwera mamita 26 ndipo imafika pafupifupi makilomita 97 pa ola. Popanda mawilo a Miller sizikanatheka.

Zimene zinamangidwa mawilowa asanabwere zili ndi njira yake. Leap-The-Dips ndi yofatsa, liwiro lake ndi makilomita 16 pa ola basi. Za ku Melbourne ndi ku Copenhagen zimayenda ndi munthu wa mabuleki amene amakwera nawo m'sitimamo, n'kumachepetsa liwiro ndi chogwirira pofika pamwamba pa zitunda. Wa ku Melbourne amachita kuimirira pakati pa sitima ulendo wonse. Pa zonse za m'nkhaniyi, chimenechi ndicho chimandigwira mtima kwambiri: ulendo wanu uli m'dzanja la munthu amene akumva njanji ndi mapazi ake, monga ankachitira anzake zaka zoposa 100 zapitazo.

Za kuwombana, njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo sitima siloledwa kulowa m'chigawo mmene muli inzake. Mabuleki a zamakono amakhala otseka, ndipo amafuna mphamvu kuti atseguke. Magetsi akazima amagwira. Mukadzaona sitima itaima pakati pa chitunda anthu ali momwemo, kawirikawiri ndiye kuti chitetezo chagwira ntchito yake.

Koma bambo, matabwa a zaka 100 sanawole? Kwathu kuno chiswe chimamaliza denga zaka zochepa.

Funso limeneli linachokera kwa kalipentala wa ku Chinamwali, ndipo ndi la munthu wodziwa mtengo. Yankho lake n'lakuti matabwa ambiri amene mukuwaona si a chaka chimene sitimayo inamangidwa. Amasinthidwa pang'onopang'ono, thabwa lero, mzati mawa, ndi matabwa onyikidwa m'mankhwala oletsa kuwola. Chimene chili chakale ndi mapangidwe ake: kutalika kwa zitunda, makona, kayendedwe. Taganizani za Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira mu 1951. Injini zinasinthidwa, zitsulo zambiri zinawotchereredwa zina, koma ndi Ilala yomweyo.

M'mapaki osamala, m'mawa uliwonse amisiri amayenda wapansi panjanji ya matabwa, kuyang'ana mabawuti omasuka, misomali yotuluka ndi ming'alu. Kenako sitima imazungulira yopanda anthu. Ngozi zimachitika, sindingakunamizeni, ndipo zina zimachokera ku kusasamala kwa eni malo. Koma ukalamba pawokha si umene umaopsa. Chimene ine ndimayang'ana ndi anthu ogwira ntchito. Kodi akukoka chitsulo cha munthu aliyense kuona ngati chatseka? Kodi akuyeza ana msinkhu, kapena akungowalowetsa makolo akachonderera? Kodi maso awo ali pa sitima kapena pa foni? Ngati zimenezi sizili bwino, musakwere, ngakhale sitimayo ikhale yopakidwa penti dzulo.

Ine ndikupita ku Joni mu Disembala. Kumeneko ndikapeza yakale?

Mukapeza, achemwali, koma yachitsulo. Paki ya masewera ya Gold Reef City ili kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, pafupi ndi Apartheid Museum, pamalo pamene panali mgodi wa golide wa Crown Mines, pa dzenje la nambala 14. Kuli Anaconda, ya mu 1999, imene imalendewera pansi pa njanji miyendo ili m'malere, ndipo imafika pafupifupi makilomita 90 pa ola. Kulinso Tower of Terror, imene imakugwetsani choimirira mamita pafupifupi 50, mbali ina n'kulowa pansi pa nthaka. Anthu ambiri amathamangira ziwirizi.

Ine ndimatumiza anthu ku Golden Loop. Anaipanga Anton Schwarzkopf wa ku Germany. Inayamba kuyenda mu 1977 ku Carowinds, ku America, ili ndi dzina lakuti White Lightnin', patangopita zaka ziwiri likulu litachoka kuno ku Zomba kupita ku Lilongwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 inapasulidwa n'kudzamangidwanso ku Joni. Ilibe chitunda cha tcheni. M'malo mwake muli chinthu cholemera kwambiri m'kati mwa nsanja. Akachimasula chimagwa, n'kukoka chingwe chimene chimakankha sitima kuchokera pa siteshoni.

Kukankha kwake sikufanana ndi kwa zatsopano zoyendera maginito, kumene kumakhala kosalala ngati ndege ikunyamuka. Uku kumamveka kuti pali chinthu chimene chagwadi. Msana umamatirira kumpando, mumalowa m'bwalo la njanji lotembenuza anthu mutu pansi, kenako sitima imakwera njanji yoimirira imene imangothera m'mwamba. Pamenepo imaima. Kamphindi ka zii, mzinda uli pansi, kenako mumagwa chafutambuyo, kudutsanso m'bwalo muja chakumbuyo, kupyola pa siteshoni anthu a pamzere akukuonani, kukwera njanji ina ya kumbuyo, n'kubwerera. Zonsezi sizikwana mphindi imodzi. Kubwerera chafutambuyo kuja ndi kumene anthu sakuiwala, chifukwa maso sathandiza, thupi lokha ndilo limamva.

Uzani abale anu akuoneretu masiku otsegulira, mitengo ya matikiti, ndiponso ngati sitima imene mukufuna ikuyenda tsikulo. Pakiyi sitsegula masiku onse a sabata kunja kwa tchuthi, ndipo makina akale amapumitsidwa kawirikawiri kuti akonzedwe.

Ndinamva kuti zachitsulo zakale zimapweteka mutu. N'zoona?

Zina, inde. Kampani ya Arrow itatulutsa Corkscrew ku paki ya Knott's Berry Farm, ku America, mu 1975, mapaki ambiri anafuna zotembenuza anthu. Pa zambiri za nthawi imeneyo njanji imachoka powongoka kulowa pokhota mwadzidzidzi, ndipo imapotokola bogi mozungulira njanjiyo, pamene mutu wa munthu uli patali pamwamba. Mutu umakwapulidwa ngati nsonga ya bango. Ndiye pamapewa pali chotsekera cholimba chodutsa m'mbali mwa makutu. Ndinakwera ina yotere pa paki ina ku Ulaya, ndipo makutu anandiwawa mpaka madzulo.

Amene anathandiza kwambiri kuthetsa vutoli ndi Werner Stengel, katswiri wa ku Germany amene ankagwira ntchito ndi Schwarzkopf. Iye anaphunzitsa opanga kuti njanji izipotokoka mozungulira chifuwa cha wokwera, kuti mutu usamaponyedwe. Anakonzanso mabwalo otembenuza. Oyambirira, monga a Flip Flap Railway ya ku Coney Island mu 1895, anali ozungulira ndendende, ndipo polowa thupi linkalemera pafupifupi ka 12 kuposa masiku onse. Anthu ankavulala makosi. Bwalo la Revolution, imene inatsegulidwa ku paki ya Magic Mountain, ku America, mu 1976, analipanga ngati dontho la madzi lozondoka, lotambasuka pansi, lopanikizika pamwamba, kuti kulemera kuzibwera pang'onopang'ono. N'chifukwa chake sitima za Schwarzkopf zimayendabe bwino ngakhale zakalamba, ndipo zambiri anazipanga ndi chitsulo cha pantchafu chokha ngakhale zimazondotsa anthu.

Ndikhale kutsogolo kapena kumbuyo? Nanga thupi ndiliike bwanji?

Kutsogolo mumaona njanji, mphepo imakumenyani kumaso, ndipo kumakhala kofatsirako. Pamwamba pa mtsetse woyamba mumalendewera pang'ono kudikira mabogi a kumbuyo. Kumbuyo sitima imakukokerani pamtsetse ili kale ndi liwiro, ndiye kunyamuka pampando kumakhala kwamphamvu, kugwedeza nakonso. Woyamba kumene akhale chakutsogolo kapena pakati. Pa ya matabwa ya mabenchi atatu, benchi ya pakati pa bogi ndiyo yofewa chifukwa sili pamwamba pa mawilo, monga mmene aliyense wokwera minibasi amadziwira mpando woyenera kuupewa.

Za thupi, ya matabwa ndi yachitsulo zimafuna zosiyana. Pa ya matabwa musaumitse msana n'kuumata kumpando, chifukwa kugunda konse kudzalowa mwa inu. Pondani pansi mwamphamvu, gwirani chitsulo, siyani kampata pakati pa msana ndi mpando, ndipo lolani chiuno chizitsatira. Amayi amene amakwera pamwamba pa matumba a chimanga pa lole amadziwa kale kukhala kotere. Pa yachitsulo ya chotsekera cha pamapewa, tsatirani zimene alemba pa chikwangwani. Ambiri amati mutu utsamire kumbuyo. Yang'anani njanji kutsogolo kuti khosi lidziwiretu mbali imene mukhotere. Kutsinzina kumawonjezera chizungulire. Kukuwa kumathandiza, chifukwa wokuwa amapuma.

Mwana wanga ali ndi zaka 8 koma ndi wolimba mtima. Amulola?

Mayi, iwo sayang'ana zaka kapena kulimba mtima. Amayang'ana msinkhu, chifukwa chitsulo chotsekera chinapangidwira thupi la kukula kwakutikwakuti. Pa sitima zikuluzikulu malire amakhala pakati pa mita 1.2 ndi 1.4. Muyezeni kunyumba ndi tepi ya telala musananyamuke, kuti asakalire pachipata. Ndipo chonde musamuveke nsapato zazitali kapena kumuuza anyanyamphire. Pa sitima yakale, pamene mpando uli ndi mpata ndipo benchi ndi ya awiri, mwana wochepa akhoza kutsetsereka pansi pa chitsulo. Komanso mwana akakana, ngakhale mwalipira kale, musamukakamize. Yambani ndi tating'ono, aone yekha.

Ndili ndi BP. Mkazi wanga ndi woyembekezera. Tingakwere?

Mayi woyembekezera asakwere, ngakhale mimba ikhale ya mwezi umodzi. Inu bambo funsani adokotala anu musanapite, ndipo ngati BP sinakhazikike, kapena muli ndi vuto la mtima, la msana, la khosi, kapena munachitidwa opaleshoni posachedwa, khalani pansi. Zakale zimavutitsa msana ndi khosi kuposa zatsopano. Tsiku silingawonongeke chifukwa cha zimenezo. Ku Gold Reef City kuli nyumba zomangidwa motengera tauni ya migodi yakale, ndipo mbiri ya pamalopo imatikhudza, poti agogo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela.

Tidye chiyani, tivale chiyani?

Osakwera ndi njala, osakweranso mutangomaliza nsima ya mitanda itatu. Kadyeni kopepuka, dikirani ola, imwani madzi. Mowa ayi. Nseru ikayamba, khalani pamthunzi mpaka ithe, musathamangire mzere wina chifukwa choti tikiti ndi ya tsiku lonse.

Patapata amavuka, makamaka pa Anaconda pamene mapazi ali m'malere. Valani nsapato zomanga. Duku, chipewa, wigi yosamangirira bwino ndi magalasi zimapita ndi mphepo. Ndolo zikuluzikulu vulani ngati chotsekera chili cha pamapewa. Chitenje chomangira m'chiuno chimavuta pokhala, ndiye thalauza kapena diresi yokhala ndi kabudula m'kati ndi yabwino. Foni isiyeni kwa amene watsala pansi. Foni yopulumuka m'manja pa liwiro la makilomita 90 pa ola imasanduka mwala kwa munthu wa kumbuyo kwanu, ndipo ndimakwiya ndikaona munthu akujambula ali m'sitima.

Nthawi yabwino yopita ndi iti?

Fikani chipata chisanatsegulidwe, n'kuyamba ndi sitima imene mwaifunitsitsa. Mu Disembala ku Joni mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, ndipo mphezi zikayamba sitima zazitali zimaimitsidwa. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kuposa chiperoni cha kuno, choncho tengani juzi.

Kwa amene adzapeze mwayi wa ya matabwa, dziwani kuti ya m'mawa ndi ya madzulo zimakhala ngati sitima ziwiri. M'mawa girisi amakhala wolimba, sitima imayenda mwaulesi. Ikazungulira tsiku lonse mawilo amatentha, ndipo madzulo imathamanga. Kamvula kakawaza njanji imaterera, liwiro n'kuwonjezekanso. Sitima yodzaza anthu imathamanga kuposa yopanda anthu. Yachitsulo yatsopano imasinthanso, koma simungazindikire msanga ngati pa ya matabwa.

Ngati zatsopano zili zazitali, zothamanga ndiponso zosalala, mukuvutikiranji ndi zakale?

Zatsopano sindizinyoza. Formula Rossa ya ku Abu Dhabi, ya mu 2010, imafika makilomita 240 pa ola, mpaka okwera amavala magalasi otchinga maso. Ndi luso lalikulu. Koma pa yatsopano thupi limamangidwa bwinobwino, kompyuta inawerengeratu kulemera kulikonse, ndipo ulendo wa lero ndi wofanana ndi wa dzulo. Mumanyamulidwa ngati katundu wosamalidwa bwino. Pa yakale mumagwira nawo ntchito: kuponda, kutsamira, kugwira mnzanu. Makilomita 60 pa ola pakati pa mizati ya matabwa imene ikudutsa pafupi ndi mutu amamveka othamanga kuposa 100 a m'mwamba mopanda kanthu.

Chinanso n'chakuti zikutha. Kusamala njanji ya matabwa kumadya ndalama ndiponso kumafuna akalipentala odziwa. Mapaki ena amazigwetsa, ena amachotsa njanji ya matabwa n'kuikapo yachitsulo pa mizati yomweyo, monga anachitira ndi Texas Giant imene inatsegulidwanso mu 2011. Paki yathunthu imathanso kutsekedwa: Ratanga Junction ya ku Cape Town, kumene kunali sitima yotchedwa Cobra, inatsekedwa mu 2018. Ife a ku Zomba, amene timadutsa tsiku ndi tsiku pa nyumba zakale za boma zina zikugumuka tikuona, tikudziwa mmene chinthu chimathera anthu akasiya kuchisamala.

Ankolo, inuyo simunachite mantha?

Ndinachita, mphwanga, makamaka pa Grand National, ya mu 1935, ku Blackpool komweko. Imeneyi ili ndi sitima ziwiri zimene zimanyamuka limodzi n'kumapikisana. Tikukwera chitunda, kwa-kwa-kwa uja akulira, manja anga anali atauma pa chitsulo. Pa benchi ya sitima inayo, moyang'anizana nane, panali agogo ena aamuna a imvi mbuu ndi kamdzukulu kawo. Anandiyang'ana, n'kundikodola ndi mutu ngati akuti tiyeni tione. Kuyambira pamenepo ndinaiwala zoopa, ndinkangofuna kuti sitima yathu itsogole. Pokhota iwo ankatipitirira, pa kona ina ife n'kuwapitirira, aliyense akukuwa.

Anapambana iwo. Titaima ndinadabwa kuona kuti tafikira mbali ina ya siteshoni, osati imene tinakwerera. Njanji imene imaoneka ngati ziwiri ija ndi imodzi yopotana, choncho sitima yonyamukira kumanja imabwerera kumanzere. Agogo aja anandipeza pa masitepe otulukira, miyendo yanga ikunjenjemerabe, nandiuza kuti anayamba kukwera sitimayo ali msinkhu wa mdzukulu wawoyo, atagwidwa dzanja ndi bambo awo. Kamwanako kanali kakuwakoka kale malaya, ndipo tonse atatu tinabwerera kukaima pamzere.